Pulogalamu yakale ya m'sitolo pa monita yaikulu: zilembo zafutukuka, titani?

Funso

Zikomo bambo. Ine ndine mayi wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Tili ndi sitolo ya malata, simenti, mbewu ndi feteleza imene anatisiyira malemu bambo anga. Katundu yense, ngongole za makasitomala ndi mafatura timalemba mu pulogalamu yakale ya zilembo zokhazokha, ya sikirini yabuluu, yosafuna mausi. Mwezi watha monita yathu yakale, ija ya chimsana, inapsa. Mwana wanga anakagula yatsopano ya mainchesi 24 ku Tete. Titailumikiza ku kompyuta yakaleyo, zilembo zikuoneka zonenepa ngati zapondedwa, komanso zachimbuuzi, moti pofika masana maso amakhala akuwawa. Tinayesa pa TV, mzere wapansi umene umaonetsa F1 ndi F2 unaduka, nthawi zina TV imangoda osaonetsa kanthu. Mwanayo anakopera pulogalamuyi pa laputopu yake ya Windows 11 koma ikukana kutseguka. Iye akuti tingoitaya tigule ina. Ine mtima sukundilola, chifukwa muli mbiri ya sitolo ya zaka zoposa 20. Kodi tinalakwitsa kugula monita yaikulu?

Yankho

Mayi, khazikani mtima pansi. Monitayo simunagule molakwika, ndipo pulogalamu yanu sinafe. Zimene mwafotokozazi ndakumana nazo kambirimbiri pa zaka zimene ndakhala ndikukonza makompyuta kuno ku Tete, ku Moatize mpaka kumapiri kwanuko, ndipo zambiri zimatheka popanda kugula chinthu china chilichonse. Mwana wanu ali ndi mfundo penapake, ndifikapo, koma mawu akuti "tingoitaya" ayambe adikira.

Ndisanakhudze za zilembo, pali ntchito imodzi imene ndikupempha kuti ichitike lero lomwe, musanatseke sitolo. Monita ija ndi kompyutayo zakalambira limodzi: zameza fumbi limodzi, zapirira limodzi kuthimathima kwa magetsi. Ina yatsogola. M'kati mwa kompyutayo muli hard disk, timbale tozungulira maulendo masauzande pa mphindi iliyonse, ndipo tsiku lake likakwana sitsanzika. Monita ikapsa mumakagula ina ku Tete. Disiki ikafa, dzina la aliyense amene anatenga feteleza pangongole limapita nayo.

Popeza mwana wanu anatha kukopera pulogalamuyo, njira ilipo kale. Chofunika n'chakuti atsimikize kuti anatenga foda yonse, osati fayilo imodzi yokha ya EXE imene imatsegula pulogalamu. Mapulogalamu ambiri a m'masitolo a nthawi imeneyo analembedwa ndi zida zolembera mapulogalamu zotchedwa Clipper, dBase kapena FoxPro. Mukasuzumira mufodamo mupeza mafayilo othera ndi DBF, momwe muli katundu ndi mayina a anthu, ndi ena othera ndi NTX, NDX kapena CDX, amene ndi mlozera wothandiza pulogalamu kupeza dzina msanga. Atenge onsewo pulogalamu ili yotseka. Atengenso timafayilo tiwiri timene tili pakhomo penipeni pa C:, totchedwa AUTOEXEC.BAT ndi CONFIG.SYS. Ngati kompyutayo ndi ya Windows XP, anzake a timafayiloti ndi AUTOEXEC.NT ndi CONFIG.NT, ali mufoda ya System32. Anthu amatinyalanyaza, komatu ndi momwe amene anakuikirani pulogalamu analemba kuti itsegule mafayilo angati nthawi imodzi, kiyibodi ndi ya chinenero chanji, zilembo za Chipwitikizi zizioneka bwanji. Ikani zonsezo pa maflash awiri. Imodzi izigona kunyumba, osati m'kabati ya m'sitolo.

Tsopano za zilembo. Taganizirani bawo. Lili ndi maenje 32 m'mizere inayi, ndipo simungaike nkhomo pakati pa maenje awiri. Sikirini ya pulogalamu yanu ndi bawo la maenje 2,000: mizere 25, mzere uliwonse maenje 80, dzenje lililonse chilembo chimodzi ndi mtundu wake. Muyeso umenewu unali kale pa IBM PC ya 1981, ndipo amene analemba pulogalamu yanu anamanga chilichonse pa muyesowo. Pulogalamuyo sidziwa mainchesi. Iyo imangoponya chilembo m'dzenje, wojambula chilembocho ndi khadi ya vidiyo ya m'kompyuta. Kuyambira 1987, pamene panatuluka mtundu wa khadi ya vidiyo wotchedwa VGA, chilembo chilichonse chimaumbidwa m'chikombole cha timadontho 9 m'lifupi ndi 16 m'litali. Mukachulukitsa, chithunzi chonse ndi timadontho 720 chopingasa ndi 400 chotsika. Basi, ndi zimene kompyuta yanu ikutumiza pachingwe mpaka lero.

Monita ya chimsana inalibe timadontho tokhazikika. Inkapaka chithunzi ndi kuwala ngati mmene munthu amapakira laimu pakhoma, ndipo inkachikoka kuti chidzaze galasi lake la muyeso wa 4:3. N'chifukwa chake zilembo munazizolowera zili zazitali, zoonda bwino. Monita yatsopanoyi ndi ina: ili ndi timadontho towerengeka, mwachidziwikire 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika, pa galasi lotambalala la 16:9. Ikalandira chithunzi cha 720 ndi 400 imachitambasula mpaka m'mbali, ndiye chilembo chilichonse chimafutukuka ndi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi mmene chinalili. Kumeneko ndiye kupondedwa mukunenako. Chimbuuzicho chikuchokera pa masamu. Mukagawa 1080 ndi 400 mupeza 2.7, ndipo 1920 kugawa ndi 720 ndi pafupifupi 2.67. Kadontho kamodzi kakale kakuyenera kugona pa timadontho tiwiri ndi chibenthu cha kachitatu. Popeza kadontho sikabenthuka, monita imasakaniza mitundu m'mphepete mwa chilembo, choyera ndi chabuluu n'kukhala chotuwa. Diso limalimbana tsiku lonse kufuna kupeza pamene chilembo chathera, ndiye pofika masana latopa.

Choyamba kuyesa sichifuna ndalama. Pansi kapena kumbuyo kwa monita kuli timabatani. Lowani mu menu, funani pamene palembedwa Aspect, kapena Formato ngati ili m'Chipwitikizi, musankhe 4:3. Musasankhe Wide kapena Full. Kumanzere ndi kumanja kutsala mipata yakuda, ndipo ndikudziwa kuti wina anena kuti mukuwononga monita yodula. Musamumvere. Chithunzi chotsala pakatipo ndi cha masentimita pafupifupi 40 ndi 30, pamene monita yakale ya mainchesi 14 inkaonetsa pafupifupi 27 ndi 20. Mwapindula kale. Pali ubwino winanso: pa 4:3, m'lifupi mumakhala timadontho 1440, kumene ndi 720 kawiri ndendende, ndiye mizere yoimirira ya zilembo imatuluka yakuthwa. Mukatero, pulogalamu ili yotsegula, dinani batani la Auto kuti monita idziyeze yokha ndi chingwe cha VGA, chija chabuluu cha timapini 15. Mamonita ena amasokoneza 720 ndi 640, ndipo Auto nthawi zambiri amawongola zimenezo.

Ngati kompyuta yakaleyo ili ndi Windows XP, pali njira yoposa pamenepa. Ikani Windows yenseyo pa 1920 ndi 1080, ngati khadi ya vidiyo ikulola. Tsegulani pulogalamu, dinani Alt ndi Enter pamodzi kuti ichoke podzaza sikirini ikhale pawindo. Poyamba muona kawindo kakang'ono. Dinani pakona yakumanzere pamwamba pa windolo, lowani mu Properties, pa Font musankhe Lucida Console, kukula 28 kapena 36. Apa Windows yasiya kukoka chithunzi chakale, yayamba kujambula yokha chilembo chilichonse ndi timadontho tonse timene monita ili nato. Kusiyana kwake mukuona nthawi yomweyo, ndipo sungani mfundo imeneyi chifukwa njira imene ndikulangizeni kutsogoloku yagona pomwepa.

TV ija ibwezereni pabalaza. Ma TV ambiri amadula pang'ono m'mphepete mwa chithunzi, chizolowezi chochokera ku mawayilesi akanema akale, ndipo mzere wa 25 umene uli ndi F1 ndi F2 ndiwo umayamba kudyedwa. Pa LG mankhwala ake amatchedwa Just Scan, pa Samsung Screen Fit. Kuda kuja n'chifukwa chakuti chithunzi cha zilembo cha VGA chimabwera maulendo 70 pa sekondi, pamene TV yambiri imayembekezera 50 kapena 60. Tizipangizo tosinthira VGA kupita ku HDMI timene timagulitsidwa m'misika tambiri timakananso 70 yemweyo. Mutaya mametikali pachabe.

Laputopu ya mwana wanu siikukana chifukwa cha matenda. Pulogalamu yanu ndi ya 16-bit, ya m'badwo wa MS-DOS, pulogalamu imene inkayendetsa makompyuta Windows isanafale. Windows ya 32-bit inali ndi kachipinda kotchedwa NTVDM kolandirira mapulogalamu oterowo. Windows ya 64-bit ilibe kachipinda kameneko, ndipo Windows 11, imene inatuluka mu 2021, ilipo ya 64-bit yokha. Wokonza wina angakuuzeni kuti afufute Windows 11 aike Windows 10 ya 32-bit. Zimagwira, ndinkachita ndekha zaka zapitazo, koma lero sindingakulangizeni: Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo laputopu yolowa pa intaneti siyenera kubwezedwa m'mbuyo chifukwa cha pulogalamu imodzi. Kuika DOS yeniyeni kapena FreeDOS pa makina atsopano nakonso kumavuta, chifukwa ambiri anachotsa njira yakale yoyatsira imene DOS imadalira.

Chimene ine ndimachita m'masitolo ngati yanu ndi kuika emulator, pulogalamu yaing'ono imene imadzisandutsa kompyuta yakale m'kati mwa yatsopano. Pulogalamu yanu imalowa m'menemo n'kumaona ngati ili kwawo. Dzina limene mwana wanu apeze msanga akafufuza ndi DOSBox, imene inayamba mu 2002. Ndi yabwino, koma anaipangira magemu. Imajambula chithunzi chija cha 720 ndi 400 n'kuchikoka, ndiye chimbuuzi chimakhalapobe, komanso za pulinta ndi zotseka mafayilo sinazisamale. Pa ntchito ya m'sitolo pali ana ake awiri amene ndimawakhulupirira: vDos ndi DOSBox-X. Onsewa amatha kuwerenga zimene zili m'maenje 2,000 aja n'kujambula zilembozo mwatsopano ndi TrueType, mtundu wa zilembo umene umakula osataya kuthwa kwake. Bawo ndi lomwelo, 80 ndi 25, F1 ndi F2 ali pamalo pawo, zala zanu siziphunzira chatsopano chilichonse. Zasintha ndi zilembo zokha, zimene zimaoneka ngati za m'buku losindikizidwa bwino.

Pa awiriwa, kwa munthu wa Windows amene akufuna pulogalamu ya sitolo basi, ndimayamba ndi vDos, chifukwa anaipangira ntchito imeneyi ndipo zosintha zake n'zochepa, zili m'timafayilo tiwiri, config.txt ndi autoexec.txt. DOSBox-X ndi yaulere, imayenda pa Windows, Linux ndi Mac, ndipo ili ndi zosintha zambirimbiri, zimene ndi dalitso kwa wokonza koma zimasokoneza woyamba kumene. Mwana wanu akasankha imeneyi, mufayilo ya zosintha alembe output=ttf, ndipo m'gawo la ttf asinthe winperc, nambala imene imanena kuti windo litenge gawo lalikulu bwanji la sikirini. Ayambe ndi 75, inu mukhale pampando wanu wa masiku onse, azikweza kapena kutsitsa mpaka mutanena kuti apa ndiye. Aike foda ya pulogalamu mufoda ina, tinene C:\DOS, kenako lamulo lakuti mount c c:\dos limauza emulator kuti imeneyo ndiyo C: yake. Dzina la foda ya pulogalamu likhale lomwe linali pa kompyuta yakale, chifukwa mapulogalamu ambiri amafuna mafayilo awo pa adiresi imene anaizolowera. Akope emulator kuchokera pa tsamba la eni ake. Sizidya mamega ambiri.

Akamaliza, laputopu ilumikizidwe ku monita yanu ya mainchesi 24 ndi chingwe cha HDMI, muikepo kiyibodi yaikulu ya USB yokhala ndi manambala kumbali. Pali phindu limene anthu saliganizira. Ngakhale kuti Cahora Bassa ili m'chigawo chathu chomwechi, magetsi amathima, makamaka mvula ikayamba ndi ziphaliwali zake. Akathima pulogalamu ili pakati polemba, mlozera uja umasokonekera, n'kupeza thumba la simenti likuoneka kawiri kapena kasitomala wasowa. Laputopu ili ndi batire, monita ikada inu mumamaliza fatura pa sikirini yake yaing'ono n'kutseka bwinobwino. Mukagwiritsa ntchito kompyuta ya patebulo, UPS, kabokosi ka batire kogwiriziza magetsi akathima, isasowe.

Pali chiyeso chimodzi chimene chimagwira achinyamata onse akaona monita yaikulu: kufuna kuti pulogalamu ionetse mizere yambiri. N'zoona kuti VGA imatha mizere 50, EGA, mtundu wa khadi umene unalipo VGA isanabwere, inkatha 43, makadi ena ankafika zilembo 132 pa mzere, ndipo ma emulator awiriwa amalola kuposa pamenepo. Mapulogalamu akuluakulu ngati WordPerfect 5.1 ankadziwa kugwiritsa ntchito malo owonjezerawo. Koma pulogalamu ya sitolo yolembedwa ndi munthu mmodzi nthawi zambiri inakhomereredwa pa 80 ndi 25. Wolembayo ananena kuti mtengo ukhale pa mzere wakuti, dzenje lakuti. Ambiri ankalemba mwachindunji m'chikumbumtima cha khadi ya vidiyo, mmene chilembo chilichonse chimatenga mabayiti awiri, mzere umodzi 160, sikirini yonse 4,000. Mukatalikitsa mzere, pulogalamu imawerengabe 160 n'kuyamba mzere wina pamalo olakwika, zolemba n'kutsetsereka ngati mizere ya m'munda yolimidwa usiku. Zikakuyenderani bwino, imangodzipanikiza pakona yakumanzere pamwamba, kwinako kuli mbee. Monita yaikulu muigwiritse ntchito kukulitsa zilembo, ndipo malo otsala pambali muikepo kalkuleta kapena uthenga wa oda ya kasitomala.

Tsopano chinthu chimene chimativuta ife a kuno kuposa anzathu a ku Dedza kapena ku Lilongwe, amene mapulogalamu awo ali m'Chingerezi. Mafatura athu ali m'Chipwitikizi, ali ndi ç, ã ndi õ. DOS inali ndi malo a zizindikiro 256 zokha, ndiye panali matebulo osiyanasiyana otchedwa code page. Ya ku America ndi 437, ya Chipwitikizi ndi 860, ndipo 850 inkatumikira zinenero zambiri za kumadzulo kwa Ulaya. Chilembo ç chili pamalo amodzimodzi m'matebulo onse atatu, choncho mawu akuti Preço savuta. Amene amaulula vuto ndi ã. Mukaona Descrição yasanduka Descriçäo, timadontho tiwiri pamwamba pa a, dziwani kuti zolemba zanu ndi za 860 koma emulator ikuziwerenga ndi tebulo lina. Mukaona kachidutswa ka mzere wa bokosi pamalo pa ã, zolembazo ndi za 850 zikuwerengedwa ngati 437. Ndipo ngati m'makona mwa mabokosi a menu mwamera zilembo zachilendo, pulogalamu ikufuna 437 kapena 860 koma yapatsidwa 850. Yankho lili mu AUTOEXEC.BAT uja ndinati musunge: funani mzere wokhala ndi mawu akuti CODEPAGE ndi nambala, ndi wina woyamba ndi KEYB. Mu DOSBox-X, lamulo lakuti chcp 860, kapena nambala imene mwapezayo, limakonza. Musayambe kulemba makasitomala atsopano izi zisanakonzedwe, chifukwa mudzakhala ndi mayina olembedwa m'matebulo awiri mufayilo imodzi, ndipo kufufuza dzina kudzayamba kuphonya. Chilembo chathu cha ŵ mulibe m'matebulo onse atatuwa, n'chifukwa chake bambo anu ankangolemba w.

Kumene ntchito imeneyi imakonda kukakamira ndi pa pulinta, ndipo m'kalata yanu simunaitchule. Ngati muli ndi ija yolira ya riboni, monga Epson LX-300, yolumikizidwa ndi chingwe chachikulu cha timapini 25, pulogalamu yanu imailankhula kudzera pa khomo lotchedwa LPT1, khomo limene laputopu ilibe. Chingwe chosinthira ku USB chimathandiza kuti Windows iione pulintayo, koma sichibweretsa LPT1. Emulator ndi imene imalandira zimene pulogalamu yatumiza n'kuzipereka ku pulinta ya Windows, ndipo vDos ndi DOSBox-X onse amatha zimenezi akakonzedwa. Yesani ndi fatura yeniyeni, ya mizere yambiri, pa pepala lanu lenileni la makope. Onani ngati timalemba tating'ono tothinana tikutuluka, ngati ndalama zonse zikugwera m'bokosi lake, ngati pepala likuima pamalo pong'ambira. Muyang'anenso kumbuyo kwa kompyuta yakale. Mukapeza kachipangizo kakang'ono ngati bokosi la machesi kolumikizidwa pakati pa kompyuta ndi chingwe cha pulinta, kameneko ndi kiyi wa pulogalamu, amati dongle. Musakataye, ndipo apa ndiye pofunika wokonza wodziwa, chifukwa popanda iko pulogalamu ina imakana kutseguka kapena imasiya kusunga.

Ngati m'sitolo muli makompyuta awiri olemba m'mafayilo amodzi, wina pakauntala wina ku ofesi, chenjerani kwambiri. Ndinaitanidwa ku sitolo ina yogulitsa zipangizo za galimoto kumene munthu wina anawaikira DOSBox ya magemu pa makompyuta onse awiri. Zilembo zinkaoneka, aliyense anasangalala. Patatha milungu itatu anapeza mafatura awiri a nambala imodzi, ndipo katundu wa m'kompyuta sankagwirizana ndi wa pashelefu. Pulogalamu inkapempha kuti mzere umene wina akulemba utsekedwe kaye, emulator inkavomera pakamwa pokha osatseka. Tinakhala masiku anayi ndi mwini sitolo ndi mabuku a makope, kuwerenga fatura imodziimodzi, thukuta la Novembala lili kamukamu. vDos inapangidwa poganizira kutseka kumeneku, komabe ine sindikhulupirira ndisanayese: tsegulani kasitomala mmodzi pa makompyuta onse awiri, pa mafayilo oyeserera, muone ngati wachiwiri akuuzidwa kuti adikire.

Mukaona uthenga wakuti Runtime error 200 pulogalamu isanatseguke n'komwe, musadandaule. Ndi vuto lodziwika la mapulogalamu olembedwa ndi Turbo Pascal akaikidwa pa makina othamanga kwambiri. Mu DOSBox-X amatsitsa nambala ya cycles, imene imanena liwiro la emulator, n'kutha.

Ndibwere kwa mwana wanu. Zilembo zikawala bwino, pulogalamuyo ikhalabe ya zaka zake, ndipo pali mafunso amene monita singayankhe. Msonkho wa IVA unatsika kuchoka pa 17 kufika pa 16 peresenti kuyambira mu 2023. Kodi munatha kusintha nambalayo nokha mu menu, kapena mumakonza pamanja? Metikali yatsopano itabwera mu 2006 ndi kuchotsa maziro atatu, pulogalamu yanu inadutsa bwanji? Chaka chikulembedwa ndi manambala awiri kapena anayi, ndipo lipoti la ngongole likusanja bwino masiku? NUIT ya kasitomala, nambala yake ya msonkho ya manambala 9, ili ndi malo ake pa fatura? Pitani ndi fatura imodzi kwa contabilista wanu, wokuwerengerani ndalama uja, mumufunse mosapita m'mbali ngati ikukwaniritsa zimene bungwe la misonkho la Autoridade Tributária likufuna panopa. Akati ikukwanira, palibe chokuthamangitsani. Akati sikukwanira, kusamuka kwafika, koma kusamuka si kutaya.

Mbiri yanu ya zaka 20 siinatsekeredwe m'ndende. Mafayilo a DBF amatseguka mu LibreOffice Calc, imene ndi yaulere, ndipo potsegula imafunsa code page, ndiye mumaipatsa nambala ija. Mayina, mitengo ndi ngongole zimatuluka m'mizere yoti pulogalamu yatsopano ingathe kulandira. Chitani zimenezi pa kope yokha, ndipo musasunge pamwamba pa fayilo yeniyeni, chifukwa mlozera sudzagwirizananso nayo. Mukapeza mufodamo mafayilo othera ndi PRG, mwatola chikwama: amenewo ndi malemba enieni a pulogalamu, ndipo wodziwa ntchito angawamange mwatsopano ndi Harbour, chida chaulere chomva chinenero cha Clipper, pulogalamu yomweyo n'kumayenda pa Windows 11 popanda emulator. Kusamuka kulikonse musakuchite mu Okutobala mpaka Disembala, mzere wa ogula mbewu ndi feteleza uli mpaka panja, kapenanso anthu atangogulitsa fodya ndi mbatatesi akufuna malata. Sankhani Febuluwale kapena Malichi, ndipo kwa mwezi wathunthu lembani m'mapulogalamu onse awiri, madzulo aliwonse muziyerekeza ndalama za tsikulo.

Zambiri mwa izi mwana wanu angathe Loweruka limodzi masana. Koma mukamva kompyuta yakale ikulira kuti tha, tha, tha m'kati, kapena ikuchedwa kuyaka kuposa kale, kapena kukopera kukuima pa fayilo imodzimodzi, izimitseni pomwepo, musaiyatsenso kuti muyesere. Kuyatsa kulikonse kumadya moyo umene watsala. Pitani nayo kwa wokonza amene ali ndi chipangizo cholumikizira disiki yakale ya IDE ku USB, ndipo mumuuze mawu awa musanaisiye: asafufute, asaike Windows ina, ayambe watenga kope yathunthu ya disiki yonse. Ngati n'kotheka khalani pomwepo mpaka mafayilo anu muwaone pa flash. M'mafayilomo muli mayina ndi ngongole za anthu a m'mudzi mwanu, choncho wokonza akamaliza afufute kope imene yatsala pa makina ake inu mukuona. Monita yopsayo ana asaitsegule kufuna waya, chifukwa m'kati mwake mumatsala mphamvu ya magetsi yoopsa ngakhale itazimitsidwa kalekale.

Za maso anu, ikani monita patali ngati kutalika kwa mkono wanu, m'mphepete mwake mwapamwamba mulingane ndi maso kapena mutsikeko pang'ono. Imabwera kuchokera kusitolo itawalitsidwa kwambiri, ndiye tsitsani Brightness mpaka choyera chake chifanane ndi pepala limene lili patebulo. Isayang'anizane ndi khomo la sitolo kumene dzuwa limalowera. Ngati patatha milungu iwiri zilembo zili zakuthwa koma maso akuwawabe, kapena mukuona kuti fatura ya papepala nayonso mukuitalikitsa kuti muwerenge, kapimitseni maso kuchipatala, mwina nthawi ya magalasi owerengera yakwana.

Mukakopera mafayilo lero, mwana wanu ajambule zithunzi zitatu ndi foni: kumbuyo kwa kompyuta yakale pamene pali zingwe, zimene zalembedwa mu AUTOEXEC.BAT, ndi mndandanda wa mafayilo a mufoda ya pulogalamu. Munditumizire zimenezo, osati mafayilo a makasitomala. Ndikaziona ndikuuzani emulator yoyenera, nambala ya code page, ndi mizere yoti alembe kuti fatura yoyamba ituluke.